Thabwa Lofika Pamphumi

Thabwa langa loyamba lotsetserekera pa sinowo anandisankhira ndi alamu anga, amuna awo a achemwali. Tonse tinkagwira ntchito yopakira katundu m'malole mumzinda wa Brampton, kutsidya kwa nyanja. Iwo anali atatsetserekapo kangapo, choncho ankadziyesa katswiri. M'sitolo ya zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, mtsikana wogulitsa anandionetsa thabwa londifika pachibwano, nati ndi lofewa, limakhota mosavuta. Alamu anapukusa mutu.

"Limenelo ndi la ana. Tengani ili, alamu, lofika pamphumi."

Ndinatenga lalitalilo. Linali lolimba ngati chitseko, m'mbali mwake muli chitsulo chakuthwa.

Loweruka tinapita kukaphiri kena kunja kwa mzinda. Mapazi onse atamangidwa pathabwa, ndinagwa chagada, ndinagwa chafufumimba, mpaka matako anachita dzanzi. Thabwalo silinkandimvera. Ndikati ndikhote, linkangolunjika kumunsi. Ulendo wina linandiimika mopingasa pakati pa njira, manja ali m'mwamba.

Munthu amene ankatsetsereka kumbuyo kwanga sindinamuone. Ndinangomva phuu! kumsana, nkhope yanga n'kukamenyetseka pamalo pomwe sinowo anali atauma gwa. M'kamwa munadzaza mchere. Nditalavula, ndinaona dzino pakati pa magazi. Wondigundayo, bambo wamtali wandevu, anadzuka n'kuyamba kunditukwana m'Chingerezi, uku akundikankha paphewa ndi nsapato.

Alamu anafika akuthamanga, thabwa lawo lili m'manja. Anamumenya nalo pachifuwa, bamboyo n'kugwa. Analikwezanso ndi manja awiri, mbali yachitsulo italoza kumutu kwake.

"Alamu, ayi! Mupha munthu!"

Mawuwo anatuluka pamodzi ndi magazi. Ndinakwawa, thabwa langa likukwekwereka kumbuyo, n'kuwagwira miyendo. Anandigwera pamsana. Chitsulocho chinakhapa sinowo pafupi ndi khutu la bamboyo. Iye anangoti maso tong'o, kutukwana konse kutatha.

Ogwira ntchito paphiripo anatilekanitsa. Bamboyo anakana zoitana apolisi, mwina pokumbukira nsapato yake ija, koma ogwira ntchitowo anatiuza ife kuti tisadzapondenso pamenepo. Kuchipatala anandisoka mlomo. Kenako alamu anayendetsa galimoto kubwerera kunyumba.

Achemwali atatsegula chitseko anayang'ana nkhope yanga, nayang'ana amuna awo.

"Mwamutani mchimwene wanga?"

Alamu anakhala pansi pakhomo pomwepo, jekete lili m'thupi, nabisa nkhope m'manja. Achemwali anawalumpha n'kupita kukandifunditsira madzi.