Shuga amene amayi anandimana

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anandipeza ndi matenda a shuga, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu a pachilumba cha Chisi kumafika kwathu kwa Mwambo wapansi. Ndinkamwa madzi osakhuta, kukodza pafupipafupi, ndipo ndinaonda mpaka yunifolomu kumangolendewera. Zitsamba zitakanika, makolo anga ananditengera ku chipatala cha m'tauni.

Tsiku lotuluka, bambo wina wovala zoyera anapatsa amayi timabotolo ta insulini ndi majakisoni. Anawaonetsa kabayidwe kamodzi kokha, maso ali pa mzere wa odwala panja. Anati ndizibayidwa m'mawa ndi madzulo, ndipo shuga ndisamuyandikirenso chifukwa kwa ine ndi poizoni. Maphunziro onse anathera pomwepo. Amayi anatsegula pakamwa kuti afunse, koma iye anali ataitana kale wina.

Amayi anali munthu womvera. Shuga wa m'nyumba anakamusiya kwa azakhali. Nzimbe, thobwa, mango, zonse anandiletsa.

Mvula itabwerera, m'nyengo ija nkhokwe zimakhala zitapepuka, tinalawirira kukapalira mpunga. Jakisoni anandibaya monga mwa masiku onse, koma phala kunalibe, poti bambo anga anali asanabwere kuchokera kuchigayo. Palibe anatiuzapo kuti mankhwalawa amafuna chakudya m'mimba. Dzuwa litakwera pang'ono manja anayamba kunjenjemera. Thukuta lozizira linatsika kumsana, milomo inachita dzanzi, ndipo ndinamva njala yolusa imene sindinaimvepo. Ndinakhala pansi m'matope momwemo.

Mayi Asiyatu, amene munda wawo unagundana ndi wathu, anathamanga ndi botolo la thobwa lotsekemera. Ndimakumbukirabe fungo lake. Ndinatambasula dzanja, koma amayi analikankha botololo uku akulira.

"Pepani anzanga, adokotala analetsa. Mundiphera mwana."

Ndinawapempha kuti ndilaweko pang'ono chabe. Anandikumbatira zolimba, nandiuza kuti ndipirire. Kenako kunada.

Ndinatsitsimuka pa chipatala chaching'ono cha kwathu, diripi ili pamkono. Choyamba kumva anali mawu a namwino akukalipira amayi, odwala onse akumva.

"Mwana akukomoka inu n'kumangomuyang'ana? Supuni imodzi ya shuga inakukanikani?"

Amayi anali atagwada pasimenti, matope a m'munda ataumira m'miyendo. Sanafotokoze zimene anauzidwa m'tauni muja. Anangoti pepani. Mpaka lero mtima umandiwira ndikakumbukira pepani ameneyo. Ankapepesa chiyani? Kumvera?

Patapita miyezi, kuchipatala cha m'tauni kunabwera namwino wina wachikulire amene anayambitsa maphunziro a anthu obaya insulini. Tsiku lililonse la sikelo yathu ankatikhazika pakhonde, wodwala aliyense ndi womusamalira, n'kutenga mutu umodzi basi. Ulendo wina tinaphunzira chimene insulini imachita m'thupi. Ulendo wotsatira, kudya pa nthawi yake ndi kuonjezera chakudya ukamapita kukagwira ntchito yolemetsa. Anatiphunzitsa kusinthasintha malo obaya, ndi kusunga timabotolo mu mtsuko wa mchenga wonyowa kuti tisaonongeke ndi kutentha kwa kunyanja. Tinkayeserera kubaya pa ndimu, ndipo sankapitirira mpaka aliyense atabwereza m'mawu akeake. Pamenepo m'pamene ndinayamba kudzibaya ndekha.

Tsiku la phunziro la kutsika kwa shuga, anatchula zizindikiro zonse zimene ndinamva m'munda muja, ngati analipo. Kenako anati shuga akatsika chotero, mankhwala ake ndi chotsekemera chilichonse chimene chili pafupi, msangamsanga, munthu asanakomoke.

Amayi anakweza dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Ngakhale thobwa?"

"Ngakhale thobwa, mayi."

Phunziro litatha tinauyamba ulendo wobwerera. Tisanafike kunyumba amayi anapatukira kwa Mayi Asiyatu, nakhala pamkeka nthawi yaitali akuwafotokozera, ngati munthu woulula mlandu.

Amayi anamwalira ali okalamba, koma sanasiye kunena kuti anatsala pang'ono kundipha ndi manja awo. Ndinkawatsutsa, osandimva. Ine lero ndili ndi ana ndi zidzukulu, ndikubayabe, ndipo ndikudziwa kuti chimene chinandisunga si kabotolo kokha ayi. Matenda awa dokotala amawaona kamodzi pa mwezi. Masiku ena onsewo dokotala ndiwe wekha, kumunda, pamsika, pamaliro. Ndikudziwanso kuti mizere ya kuchipatala inali yaitali ndipo ogwira ntchito anali ochepa. Komabe sindinakhululuke. Kumupatsa mayi wa kumudzi jakisoni wamphamvu chotero ndi theka la malangizo, kenako n'kumukalipira pagulu chifukwa cha theka limene sunamuuze, ndi nkhanza. Wofunika kugwada pasimenti paja sanali amayi anga.