Kuseri kwa Dzanja la Jailos

Inu amene mwasonkha moto mpaka manja kutopa koma simukuona phindu lake, imvani za Jailos.

Mu Januwale wa 1913 mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osakata ku Mulanje. M'mawa wa tsiku lomaliza, Jailos anaima pakhomo pa fakitale ya tiyi, madzi akutsikira m'khosi, akumva mawu amene ankawaopa chifikireni.

"Iwe Mnguru, moto wako ndi wabodza," anatero kapitao. "Belu la masana likalira mpweya usanatenthe, ukasasule kanyumba kako. Ubwerere kwa Apwitikizi."

Jailos anali atawoloka mtsinje wa Muloza miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, pothawa ntchito yachibalo. Anafika ndi khasu limodzi, mkazi wake Estele ndi khanda lotchedwa Lines. Mzungu wa esiteti anawalola kumanga kanyumba malinga agwire thangata, ndipo Jailos anaikidwa pa ng'anjo ya makina owumitsira tiyi.

Makinawo ankagwira ntchito chonchi: moto unkatenthetsa mapaipi, chokupizira n'kumakoka mpweya wotenthawo kudzera mumpita wamalata mpaka m'bokosi lalikulu la masamba. Tsikulo moto unkalilima, chokupizira chinkazungulira, koma m'bokosi munkawomba mphepo yozizira ngati ya pamwamba pa phiri. Masamba opota kale anayamba kusasa. Munthu wodziwa makina anali ku Kabula, msewu utakokoloka.

Jailos anawonjezera nkhuni. Anawonjezeranso. Anachotsa phulusa, n'kusankha zikuni zouma zokhazokha. Palibe chinasintha.

Pamalopo panali munthu mmodzi yekha amene ankamuitana ndi dzina lake, nkhalamba yosesa m'fakitale, a Pilato. Masana aliwonse ankabenthula chinangwa chawo chootcha n'kumupatsa theka. Chiyambireni mvula, m'mawa uliwonse ankamupatsanso chiguduli chouma, chofundira, n'kunena kuti, "Kafunditse mwana." Jailos sanafunsepo kuti chiguduli chikuuma kuti m'mvula yotere. Koma tsikulo chiguduli sichinabwere, ndipo a Pilato ankangosesa malo amodzimodzi, maso ali pansi.

Atatheratu nzeru, Jailos anathamangira kunyumba kukauza mkazi wake kuti amange katundu. Anamupeza atafungatira mwana, amene thupi linali litatentha masiku atatu. Onse awiri ankadziwa kuti khandalo silingapirire ulendo wa pansi m'mvula.

Estele sanalire. Anaika kuseri kwa dzanja pachipumi pa mwana, kenako pachifuwa, pamimba, m'mawondo, mpaka kumapazi.

"Abambo a Lines, taonani," anatero m'Chilomwe. "Kumutu kuli moto, pachifuwa pali moto, koma mapazi ali zii. Kutentha kulipo, kungoti sikukufika."

Anayamba kutikita timapazito. Jailos ankangoyang'ana dzanja lija.

"Ndimange katundu?" anafunsa Estele.

"Dikirani kaye, amake mwana."

Panjira anapemphera mawu ochepa chabe: "Muluku, ndionetseni pamene patsekeka."

Atafika sanakhudzenso nkhuni. Anapita pamene mpita ukuyambira, n'kuyandikitsa kuseri kwa dzanja. Panali potentha moti ubweya wa padzanja unapsa. Anasuntha phazi limodzi, potentha. Phazi lina, potenthabe.

"Taonani sing'anga!" anakuwa kapitao. "Ukuyeza malungo a chitsulo? Uchipatsenso mankhwala akwanu!"

Anthu anaseka. Jailos anapitirira, pang'onopang'ono, ngati mmene anachitira Estele. Atadutsa pokhota, malata anali ofunda chabe. Patsogolo pang'ono anali zii. Anabwerera, n'kuyezanso kachiwiri kuti asanamize munthu. Chapafupi ndi pokhotapo panali kachitseko kakang'ono kotsukira mwaye.

"Akapitao, imitsani chokupiza," anatero m'Chinyanja chake chopunduka. "Moto alipo. Njira watseka."

"Ulamule makina iwe?"

Mzungu wa esiteti, amene anali atangolowa kumene, anamva. Anayang'ana masamba, anayang'ana Jailos, n'kukweza dzanja kuti aimitse.

Jailos anatsegula kachitseko n'kulowetsa mkono mpaka m'phewa. Malata anamuotcha, koma sanaubweze. Zala zinakhudza chinthu chofewa. Anakoka, ndipo panatuluka chiguduli chowauka. Anakokanso china, kenako chachitatu, zonse zitapanikizana pokhota paja. Mpweya wotentha unkalephera kudutsa, choncho chokupizira chinkangokoka mphepo yakunja kudzera m'ming'alu.

Pomwepo anazindikira. Zinali ziguduli zimene amayi othyola tiyi ankafunda kumutu m'mvula. Makina akazima madzulo, a Pilato ankaziika m'kachitsekomo kuti ziume ndi kutentha kotsalira, amayiwo asafunde zonyowa m'mawa. Tsikulo makina anayatsidwa iwo asanachotse zonse. Chimodzi mwa zitatuzo chinali cha Lines.

"Waika izi ndani?" anafunsa mzungu.

A Pilato anasiya kusesa. Dzina limodzi likanatsuka Jailos kotheratu, ndipo nkhalamba ikanathamangitsidwa m'malo mwake.

"Chiguduli chilibe dzina, bwana," anatero Jailos. "Koma tiyi akudikira."

Mzungu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analamula kuti ayatse. Posakhalitsa m'bokosi munayamba kutuluka mpweya wotentha, fungo la tiyi n'kudzaza m'fakitale. Belu la masana linalira Jailos akusonkha moto. Masamba ena anatayidwa, koma ambiri anapulumuka, ndipo kanyumba kaja sikanasasulidwe.

Mawa lake a Pilato anangomuikira Jailos chinangwa pambali pa ng'anjo, chathunthu, chosabenthula.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Kapitao anapitiriza kumunyoza, ndipo chipsera cha pamkono chinatenga miyezi kuti chipole. Jailos anapempha chilolezo chomanga chingwe kukhoma lakunja kwa ng'anjo, kuti ziguduli ziziuma poyera. Munthu wa makina atabwera kuchokera ku Kabula, Jailos ankamunyamulira zida, akuyang'anitsitsa chilichonse. Loweruka masana ankayenda wapansi kupita ku Mishoni kukaphunzira kuwerenga, atakhala pabenchi limodzi ndi anthu oti akanatha kuwabereka.

Makina akavuta, anthu anayamba kunena kuti, "Kaitaneni a Jailos adzayeze malungo." Mawu achipongwe aja anasanduka ulemu. Patapita zaka zinayi, makina onse owumitsira tiyi anaikidwa m'manja mwake. Aliyense wofika kumene kuchokera kutsidya kwa Muloza, Jailos ankayamba wamufunsa dzina, kenako n'kumugwira dzanja, kulitembenuza, n'kumuyendetsa m'mbali mwa mpita uja.

Lines anachira sabata lomwelo. Anakula, ndipo pamaliro a a Pilato ndiye anatunga madzi oyamba.

Wokondedwa wowerenga, mwina nanunso mukugwira ntchito ndi mtima wonse koma kwanu kukuzizirabe, ndipo ena ayamba kunena kuti moto wanu ndi wabodza. Musafulumire kuwakhulupirira. Mwina moto ulipo, kungoti patsekeka penapake. Lekani kaye kuponya nkhuni. Pempherani, ngakhale mawu atatu okha, ndipo mulondole pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene kutentha kwathera. Mukapeza kuti watseka njira ndi munthu amene ankafunditsa mwana wanu, chotsani chigudulicho, dzina mulisiye.

Osataya mtima, belu silinalire.