Nyengo Yomwe Anandimanga Diso

Kansalu kaja kanali kakuda, kakukula ngati chikhatho cha mwana, ka zingwe ziwiri zomangira kunkhongo. Amayi anakadula pa siketi yawo yakale ya kuchigwirizano. Koma nkhani yake inayamba kasanasokedwe, Lachitatu pa 10 Meyi 1995, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pasukulu ya kwathu kufupi ndi Kabudula.

Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 3, pakuti sukulu ndinaiyamba mochedwa. Tsikulo aphunzitsi anandituma kufufuta pabolodi. Fumbi la choko linandilowa m'diso lakumanja. Ndinaligwira ndi dzanja, misozi ili chuchuchu, n'kutembenuka kuti ndikakhale pansi.

Kalasi yonse inalibe nkhope. Mitu ndinkaiona, mayunifomu ndinkawaona, koma zonse zinali ngati zili pansi pa madzi ovunduka. Ndinachotsa dzanja, anzanga anabwerera. Ndinaphimbanso, anasowa. Ndinachita zimenezi kangapo, kukamwa kuli yasa, mpaka ana anayamba kuseka.

Aphunzitsi anandiimika pakhomo, anati ndiphimbenso diso lomwelo, n'kukweza dzanja lawo. "Zala zingati?" Ndinati ziwiri. Kalasi inafa nacho chiseko, chifukwa anali atatambasula dzanja lonse. Iwo sanaseke. Anandifunsa kuti zinayamba liti, ndinati sindikudziwa.

Mpaka lero zimandizunguza mutu kuti munthu angakhale zaka khumi ndi diso losaona bwino, iye mwini osadziwa. Diso lakumanzerelo linkapenyera pang'ono kumbali chibadwire. Anthu ankati ndinatengera kwa bambo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Bambo anali atamwalira kale. Za ife ankagamula ndi amalume, mlongo wawo wa amayi: mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, mwini ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Anthu ena m'mudzi anati andidonthezere madzi a masamba ena ake, ena anatchula sing'anga wa kutsidya kwa dambo. Amalume anakana. "Ife ndife anthu a tchalitchi. Mwana apita kuchipatala." Kuchipatala cha kufupi anatitumiza m'tauni, kwa anthu a maso. Tinakwera matola awiriwiri, ine ndi amalume.

Pamzere panali nkhalamba zambiri za ng'ala, maso oyera ngati mkaka, zina zitagwira nsonga ya ndodo, mdzukulu akukoka kutsogolo. Ndinaziopa. Dokotala yemwe anationa anali mnyamata, wotopa, wolankhula mothamanga, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Anandiwalitsa katochi, anandidonthezera mankhwala oluma, anandiwerengetsa zilembo zapakhoma. Kenako anatenga thonje ndi pulasitala n'kunditseka diso lakumanja. Anati ndizimangidwa tsiku lililonse, tibwerenso miyezi itatu ikatha. Mwina anafotokoza chifukwa chake. Sindinganame kuti sanatero. Chomwe ndikukumbukira ndi amalume, chipewa chili m'manja, akungoti, "Inde adokotala. Zikomo adokotala." Kwathu munthu wovala choyera sankafunsidwa mafunso.

Potuluka ndinapunthwa pamasitepe. Amalume anandigwira pamkono, ndipo tinadutsa pamzere paja ndikuyenda ngati nkhalamba zomwe zija.

Amayi anatichingamira kumsewu. Atandiyang'ana anaima chilili.

"Mayo ine! Achimwene, amumanga diso liti?"

"Lomwe amanga adokotala."

"Koma ilitu ndi labwino lija."

Amalume anangonditsogoza kulowera kunyumba. Ndikuganiza kuti funso lomwelo anali atayenda nalo njira yonse.

Inali nyengo yosankha fodya. Tinkakhala m'chigafa kuyambira m'mawa, masamba akadali ofewa ndi mame, fungo lake likukanda kukhosi, phula lakuda likumata m'zala. Ntchito yanga inali kupatula masamba: achikasu kwawo, ofiirira kwawo, obiriwira ndi ong'ambika kwawo. Ndinkaidziwa bwino, amalume ankandiyamika nayo. Tsopano masamba onse anasanduka mtundu umodzi, mtundu wa dothi. Ndinkaliyandikiza tsamba mpaka kukhudza mphuno, osaona kanthu. Amalume anapeza masamba obiriwira m'kamtolo ka fodya wabwino kwambiri. Sanandikalipire. Anangomasula timitolo tanga tonse kamodzikamodzi, chifukwa belo losakanikirana limabwezedwa kuokushoni.

Ndinkaphonya chikho pochigwira. Ndinkagunda nsanamira. Tsiku lina masana, alongo anga ataotcha mtedza panja, ndinaponda paphulusa loyera ndikuyesa ndi mchenga. Pansi pake panali makala amoto. Fungo la khungu langa lomwe ndikulikumbukirabe.

Amayi anandimanga phazi ndi chigamba, amalume ataima pambali. Pamenepo m'pamene ananena mawu omwe anagamula zonse.

"Taonani achimwene. Bala lili kuphazi, ndamanga kuphazi. Kodi ndikanamanga kudzanja?"

Amalume anaganiza nthawi yaitali. Sanali munthu wopupuluma. Anati mnyamata uja anali atatopa, anthu anali ambiri. Anati ukayang'anizana ndi munthu, kumanja kwako kumakhala kumanzere kwake, ndiye kusokoneza n'kosavuta. Anatinso ng'ombe ikadwala diso, umaphimba lodwalalo kuti ntchentche ndi dzuwa zisalipweteke. Zonse zinali zomveka. Ndaziganizira zaka zambiri, ndipo sindipezamo uchitsiru. Anapemphera mwachidule, n'kumatula pulasitala, n'kuisamutsira kumanzere.

Dziko linabwerera nthawi yomweyo. Ndinaona ulusi uliwonse wa chitenje cha amayi, nyerere pansi, mitsempha ya tsamba la fodya. Amayi anati, "Mwaona? Mwana wapenya."

Pulasitala itatha m'pamene anasoka kansalu kaja. Sindinaonepo munthu wosunga lamulo la chipatala ngati mmene anachitira amayi. Ankandimanga ndisanatuluke m'nyumba. Madzulo ankakachapa ndi sopo, n'kukayanika padenga la nkhokwe. Lamlungu lomwe ndinkalowa nako m'tchalitchi, thukuta likuyabwa mkati, mfundo ikundikanikiza kunkhongo. Ndikati ndikweze pang'ono kuti mphepo ilowe, dzanja lawo linali litafika kale. "Usakhudze! Ukufuna kukhala wakhungu?" Amayi anzawo ankawayamikira kuti akusamala mwana. Aphunzitsi anandifunsapo kamodzi ngati zikuyenda, ndinati eya. Anali ndi ana osawerengeka, ndipo anaona kuti nkhani ili m'manja mwa chipatala.

Miyezi itatu inakwana fodya wathu asanagulitsidwe, choncho tinadikira. Tinabwerera m'tauni kutentha kutayamba, masamba a m'mitengo atayoyoka. Ulendo uno amayi anabwera nawo, atavala duku lawo latsopano. Ankafuna adzimvere okha kuti agwira ntchito yabwino.

Mnyamata uja kunalibe. Tinapeza anamwino achikulire, a magalasi olendewera pachingwe. Anandimasula kansalu, anandiphimba diso ili, kenako ilo, n'kundiwerengetsa zilembo. Ndi lakumanja ndinafika mpaka mzere wapansi. Ndi lakumanzere ngakhale chilembo chachikulu chapamwamba chinali chimbuuzi chabe. Anatembenukira kwa amayi.

"Kodi kansaluka kamakhala padiso lomwe ndakapezali masiku onse?"

"Osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe, mayi."

"Chiyambire liti?"

Amalume anafotokoza mwaulemu, posafuna kumuika mnzawo m'mavuto, kuti adokotala achinyamata aja anasokoneza pang'ono chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, ndipo ife tinakonza kunyumba.

Anamwino aja anagwira pakamwa. Anakhala pampando mwapang'onopang'ono. Atatsitsa dzanja sanakalipe. Anafunsa funso lomwe ine ndinaliona lachilendo.

"Bambo, muli ndi ng'ombe zapangolo?"

"Zilipo ziwiri."

"Imodzi ikamakoka yokha, inzake ikungoyenda nawo m'goli, mumatani kuti yaulesiyo iphunzire?"

Amalume anamasuka, chifukwa iyi inali nkhani yawo. "Aa, yamphamvuyo umaichotsa kaye. Inayo umaimangirira chipika, ikoke yokha mpaka..."

Sanamalize.

"Diso la mwanayu silinali ndi bala, bambo. Linangozolowera kukokeredwa ndi linzake. Ndiye inu mwapumitsa iti?"

Chipewa chinagwa pansi, ndipo amalume sanachitole. Ndinali ndisanaonepo nkhope yawo ili choncho, ngakhale pamaliro a bambo. Pamapeto pake anangoti, "Akanandiuza choncho." Amayi anatambasula manja awo onse awiri, n'kumawayang'ana ngati ndi a munthu wina. "Ndiye kuti ineyo, m'mawa uliwonse, ndi manja angawa..."

Anamwino aja anaitana dokotala wamkulu. Anandiyezanso, analankhulana m'Chingerezi, anafunsa zaka zanga kawiri. Ndinali nditatsala pang'ono kukwanitsa khumi ndi chimodzi. Anamwino anawauza akuluakulu motsitsa mawu kuti diso lotere limaphunzitsika mwana akadali wamng'ono, kuti ine ndinabwera nditachedwa kale, ndipo kampata komwe kanatsala kanali kochepa. Anati diso lakumanjalo alisamale ngati dzira: legeni ayi, kuponyerana miyala ayi, kusema nkhuni ndili pafupi ayi. Kenako anati, "Basi, musamumangenso."

Pa zonse zomwe zinanenedwa m'chipinda muja, ine ndinatolapo mawu amenewo okha.

Nditakula ndafunsapo anthu a maso angapo. Ena amati akanayesabe, mwina china chake chikanabwerera. Ena amati pamsinkhu umenewo, ngakhale akanamanga diso loyenera, phindu likanakhala lochepa. Sindidziwa amene akulondola. Diso lakumanzereli lero limaona kuwala ndi mthunzi wa munthu akamadutsa. Ana anga onse ndinawapititsa kukayezetsa maso asanayambe sukulu, ndipo dokotala akalankhula ndimafunsa mpaka atatopa nane.

Pobwerera, pamalo okwerera matola, amalume anandigulira banzi ndi botolo la chakumwa chozizira, langalanga, osagawana ndi wina. Anali asanachitepo zimenezo. Ndinadziwa kuti tikukondwerera. Ndinadabwa chabe kuti amayi, omwe ankakonda kucheza ndi aliyense pagalimoto, anakhala njira yonse atayang'ana kuminda yowauka, fumbi likuwathira kumaso, osaphethira. Titafika, amalume anapita molunjika kukhola. Anakaima pamenepo atatsamira mtengo, akuyang'ana ng'ombe zawo mpaka dzuwa kulowa.

M'mawa mwake ndinadzuka ndekha. Ndinasamba kumaso konse, madzi ozizira akukhudza zikope zonse ziwiri. Amayi ndinawapeza atakhala pakhonde, moto asanasonkhe, pabwalo posasesa.

"Amayi, ndachira eti?"

Anandikonza kolala ya malaya, ngakhale inali bwinobwino.

"Pita kusukulu, uchedwa."

Ndinathamanga njira yonse. Pakhomo lililonse pomwe panali munthu ndinkaima n'kufuula kuti ndachira, kuchipatala anena kuti asandimangenso. Amayi ena omwe ankasinja analulutira, ndipo ine ndinawavinira pang'ono ndisanapitirire. Sindinkadziwa kuti kuchipatala amasiya kupereka chithandizo pa zifukwa ziwiri.