Nyimbo Ziwiri za Kumapeto kwa Kaseti

Kaseti ija ndinaipeza kwa dalaivala wa lole pa Cassacatiza, ndili ndi zaka makumi awiri. Masiku amenewo ndinkatsuka malole odikira mapepala pachipata cholowera ku Zambia, ndipo dalaivalayo anandiponyera kaseti yopanda chikuto ngati basera. Anati ndi atsikana awiri a ku Rusiya amene kale ankayimba m'chilankhulo chawo, koma tsopano atulutsa nyimbo m'Chingerezi ndipo dziko lonse lapenga nazo. Ku Lusaka, ku Joni, ngakhale ku Ulaya, akuti kunalibe wailesi yosaziimba.

Ine Chingerezi ndicho chinali chuma changa. Ndinachitola ku Zambia kumene tinathawira nkhondo, ndipo titabwerera kwathu ndinkayenda nacho ngati nsapato zatsopano, kufuna aliyense aone. Anzanga odziwa Chipwitikizi chokha ankandifunsa kuti atsikanawo akuti chiyani, ine n'kumamasulira pomva ndi posamva pomwe. Akananditsutsa ndani?

Kumapeto kwa mbali yachiwiri kunali nyimbo ziwiri zimene sanazitembenuze, zoyimbidwa m'Chirusiya. Zikangoyamba ndinkabweza kaseti.

Bambo anga anakhala ku Rusiya zaka zinayi. Boma linawatumiza ine ndisanabadwe kuti akaphunzire kukonza mathirakitala. Atabwera, mathirakitala oti akonze anapsa pankhondo, iwo n'kutsala ndi khasu, masipanala awiri ndi njinga za anthu zophulika matayala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Za ku Rusiya ankazinena akalawa pang'ono: mvula yoyera yogwa ngati ufa, mtsinje wouma gwa anthu n'kumayenda pamwamba pake. Anthu ankawamvera ngati mlenje wosimba za njati imene inathawa. M'dera lathu lonse munalibe wina woti alankhule naye chilankhulocho, choncho umboni panalibe.

Ndinayamba kuona kuti mabatire a wailesi yanga sakuchedwa kutha. Ndinakalipira mlongo wanga wamng'ono mpaka analira, chonsecho alibe mlandu. Tsiku lina malole anali ochepa, ndinabwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo. Ndinapeza bambo atakhala pa mpando wawo wa pansi pa mango, njinga ya munthu ili chagada pambali, khutu ataligunditsa pa wailesi. Milomo yawo inkayenda. Pabondo panali chikatoni cha sopo, ndipo ankalembapo ndi pensulo zilembo zachilendo, zina zooneka ngati zatembenuka. Amamvera pang'ono, n'kuimitsa, n'kubweza, n'kulemba.

Atandiona anadzidzimuka ngati mwana wogwidwa dzanja lili m'shuga.

"Mwananga, ndakudyera mapilya ako," anatero, kunena mabatire aja. "Atsikanawa akuyankhula mothamanga, ndi ana a m'tauni. Pa mawu khumi ndikugwira atatu. Koma akubwera. Dzulo ndinagwira ena amene ndinawamva komaliza iwe usanabadwe."

Ndinangoti chabwino. Nyimbo yoyamba anali ataimaliza kulemba, yachiwiri anali pakati.

Lamlungu lotsatira titaweruka ku Misa, tinasonkhana pa kagolosale ka pamsewu monga mwa masiku onse, anyamata ndi atsikana a kwaya, wailesi yanga ili pakati. Panali mtsikana wina amene ndinkamufuna, ndipo tsikulo ndinkamasulira ndi mphamvu zanga zonse. Ndinatanganidwa ndi kudzionetsa mpaka ndinaiwala kubweza kaseti. Chirusiya chinayamba kulira bambo akudutsa pamsewu, atavala jekete lawo la kutchalitchi.

Anaima. Anavula chipewa, sindidziwa chifukwa chake, n'kuyandikira. Kenako anayamba kutchula mawuwo pamodzi ndi atsikana a m'kaseti aja, osati kuyimba, kungowatchula bwinobwino ndi mawu awo okhuthala, maso ali kwa ife ngati akuti mwaona, sindinkanama.

Mnyamata wina anaseka. Wina anayamba kuwatsanzira, akukhosomola ndi kulavula ngati wameza ntchentche. Posakhalitsa onse anali chikhakhali, ndi mtsikana uja yemwe, atabisa pakamwa ndi nsalu. Wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, azilamu anu a ku Rusiya afika, kaphereni nkhuku."

Ndikanatha kuwauza kuti atseke pakamwa. Ndikanatha kunena kuti mwa ife tonse, ndi munthu mmodzi yekha amene akumvadi zimene oyimbawo akunena. M'malo mwake ndinazimitsa wailesi n'kuyang'ana bambo anga ondibereka.

"Ababa, eni ake chilankhulochi achisiya, ayamba Chingerezi kuti dziko liwamve. Inu mukukakamira chiyani? Chinakupatsani chiyani?"

Lilime lilibe fupa, koma langa tsiku limenelo linathyola munthu. Kuseka kunatha. Bambo anavala chipewa chawo, n'kunena kuti, "Wanena zoona," n'kupitiriza ulendo wa kunyumba.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine mkwiyo unali usanathe, chifukwa wochita manyazi amafuna wina woti amulange. M'mawa mwake bambo atapita kumunda, ndinatseka timabowo ta pamwamba pa kaseti ndi mapepala kuti ilole kujambula, n'kuipititsa pamene Chirusiya chimayambira, n'kudina batani lojambulira. Ndinayimba ndekha nyimbo za Chingerezi zija, ndi mawu anga a tambala wachimfine, mpaka kaseti inafika kumapeto. Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza kuti anthu asawasekenso. Linali bodza, ndinkadziteteza ndekha.

Masana ake ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusenda nzimbe pamene ndinawaona akutenga wailesi ndi chikatoni chawo. Anakhala pansi pa mango, ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi malovu, n'kudina batani. Mawu anga anatuluka. Anabweza, n'kudinanso. Anatembenuza kaseti, kuganiza kuti alakwitsa mbali, n'kuibwezeranso. Kenako anangokhala, n'kumvetsera mwana wawo akukuwa mpaka kumapeto, pensulo ili m'manja. Sanandifunse kanthu tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse. Akanandimenya ndikanapepukidwa.

Kupepesa ndinakuzengereza. Ndinkati ndipeza kaye kaseti ina, ndiye ndipepese nditanyamula kanthu. Ndinafunsa madalaivala miyezi ingapo, koma nyimbo za achinyamata sizikhalitsa, onse anali atasamukira kwina. Kenako ndinakwatira, osati mtsikana uja, ndinapita ku Tete kukagwira ntchito, ana anabadwa. Wailesi ndi makaseti ndinazisiya kumudzi ngati zinyalala.

Panapita zaka zoposa khumi ndi zisanu. Tsiku lina mwana wanga wamkulu anandisonyeza mmene amapezera nyimbo iliyonse pa foni, ndipo chinthu choyamba chimene ndinamuuza kuti afufuze chinali nyimbo ziwiri zija. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Ndinakwera basi, kenako njinga yamoto, mpaka kwathu.

Ndinawapeza bambo pa mpando womwe uja, tsitsi lonse mbuu, atakalamba moti sipanala sankaigwiranso. Ndinagwada pambali pawo n'kuyika foni pafupi ndi khutu lawo. Anamvetsera nyimbo yoyamba yonse, milomo osayenda. Yachiwiri ili pakati anandigwira dzanja.

"Zimitsa, mwananga. Ndikungomva phokoso. Chirusiya chinathawa chonse."

"Ababa, ndine ndinafufuta nyimbo zija. Ndinachita dala."

"Ndinkadziwa. Mawu ako ndingawasokoneze ndi a yani?"

Anatuma mdzukulu kuti akatenge kathumba ka pulasitiki kamene kanali pansi pa bedi lawo. M'menemo munali chikatoni cha sopo chija, zilembo zitafika pakati n'kuima, ndi kaseti yanga, timapepala tija tikadali m'mabowo.

"Unachedwa kudina batani," anatero. "Iwe usanayambe kuyimba, mtsikana wa m'kasetiyu amatchula mawu atatu. Ndinkawamvera mpaka wailesi inafa. Amenewo okha ndiwo ndikuwadziwabe."

Anawatchula pang'onopang'ono, bwinobwino, monga anachitira pa golosale paja. Kenako anandiyang'ana, kudikira, ndipo ndinazindikira kuti akufuna ndibwereze. Ndinayesa. Anapukusa mutu n'kuwatchulanso, ine n'kuyesanso, nditagwada pafumbi, bambo wa ana anayi, lilime likukana.