Phunziro la mapangano pa waya wa ku Thorngrove

Loweruka masana, loya amene ndinkamugwirira ukalaliki atangotseka ofesi, ndinamangirira buku la malamulo a zamalonda kumbuyo kwa njinga n'kuuyamba wa ku Thorngrove. Madzulo ndinkaphunzitsa anzanga a ku Nyasaland amene tinali nawo kuchilendo kuno, okonzekera mayeso a zowerengera ndalama, koma wakuthwa mutu kuposa onse, a Jonasi Phiri, anali atagonekedwa kuchipatala cha matenda opatsirana cha ku Thorngroveko chifukwa cha chifuwa chachikulu. Mayeso anali pafupi, mutu wa mapangano asanauphunzire.

Unali Okutobala. Mitengo ya jakaranda inali itayoyola maluwa mumsewu monse, ine ndikupalasa ngati ndili m'tulo. Sitima italira kusiteshoni, mtima wanga unakwera nawo mpaka kumapiri a ku Dedza. Ndinadzidzimuka pafupi ndi komboni ya Makokoba, tayala litaphwa kalekale.

Mayi wina wogulitsa mahewu anandiona ndikukankha njinga, tayi ili m'khosi.

"Uyangaphi, baba?" anandifunsa m'Chindebele kumene ndinkapita.

Ndinati ndikukaphunzitsa wodwala malamulo. Anaseka mpaka kugwira nthiti, nati kwawo odwala amawapititsira phala. Ndinamwa mahewu a tiki, makobidi atatu, ndili chiimire, n'kupitiriza ulendo.

Dzuwa litapendeka ndinafika. Mlonda anandichenjeza kuti buku likalowa silitulukanso, amaliwotcha. Choncho ndinaima kunja kwa waya, a Phiri anakhala pakhonde atafunda bulangete, kutentha konseko. Anali ataonda moti ndinawazindikira ndi kumwetulira kokha.

Ndinaphunzitsa mokweza mawu: pangano limafuna wolonjeza ndi wovomera. Odwala ena anasendeza mipando, mkulu wina wa kumigodi akugwedeza mutu ngati woweruza. Mphepo inkabweretsa fungo la bulugamu, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti pakati pathu pali waya.

Kenako a Phiri anakweza dzanja monga m'kalasi.

"Aphunzitsi, wolonjeza akamwalira, pangano limatani?"

"Mapangano ambiri amagwera osamalira chuma cha masiye," ndinatero. "Koma pangano loti munthu achite yekha, ndi thupi lake, limafa naye."

Anatsokomola nthawi yaitali. "Nabanda, mkazi wanga, ndinamulonjeza kuti ndidzabwera kumudzi ndekha, satifiketi ili m'manja. Iye anavomera. Limeneli ndi la mtundu uti?"

Ndinayang'ana m'buku, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Wachiwiriwo, achimwene."

"Ndiye palibe wondichitira," anatero mwakachetechete. "Ndichira basi. Loweruka mubwere ndi mutu wotsatira."

Pobwerera ndinakankha njinga m'maluwa omwe aja, kutsokomola kwawo kukumvekabe mpaka pamphambano. Chiganizo chija cha pangano lofa ndi mwini wake ndinali nditachiphunzitsa zaka zambiri ndikuyasamula. Tsiku limenelo chinandiopsa, ndipo ndisanafike n'kunyumba komwe ndinadzera kwa wokonza njinga kuti tayala likhale bwino pofika Loweruka.