Mwala Umene Unaboola Malata a Apongozi

Mboni zanga ndi zitatu: mkazi wanga, mphunzitsi wa sayansi amene boma linamutumiza ku Midzemba kuchokera kumpoto, ndi mbuzi ya apongozi. Mbuziyo tinadya pa Khirisimasi, koma awiriwo alipo, mukawafunse.

Kumeneko ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi la akuchikazi, moti tsiku lililonse akhoza kundiuza kuti nyamula mkeka wako, ana usiye. Chaka chimenecho apongozi anga aakazi anali atafolera nyumba yawo ndi malata atsopano, owala mpaka nkhuku zinkayenda zotsinzina. Sindikuwonjezera.

Tsiku lina masana, mwezi wa Okutobala, ndikupuntha nandolo pabwalo, kumwamba kunaphulika ngati tayala la lole. Mtambo kunalibe. Kenaka mluzu, kenaka phwaa! padenga la apongozi. Titalowa tinapeza dzuwa likulowera pabowo, ndipo pansi pali mwala wakuda, waukulu ngati nachesi, utazika m'dothi. Kulemera kwake ngati chitsulo.

Tsoka ilo, dzulo lake ndinali nditakangana ndi apongoziwo za malire a dimba. Mwa mwambo sitiyankhulana maso ndi maso, choncho tinakanganirana kudzera mwa mkazi wanga, amene anachepetsako mawu anga koma osati mokwanira.

"Ndi mwamuna wakoyu," anatero apongozi, akuyang'ana mwana wawo. "Umufunse ngati waponya ndi dzanja kapena ndi mankhwala."

"Mankhwala awapeza kuti, amayi, munthu woti mbewa zimamudyera ndi lamba yemwe?"

"Ndiye ndi dzanja."

Anaitanitsa malume a mkazi wanga, eni mbumba, kuti aweruze. Malumewo anakhala pampando, mwala uli pamiyendo. Ana anga anawalowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinayamba kuganiza za katundu amene ndi wangadi: khasu, wailesi, basi.

Mphunzitsi uja anafika ali wefuwefu, atamva kuphulikako ali m'kalasi. Anatulutsa maginito a sipika yakale, n'kugunditsa pamwalapo. Maginitowo anakakamira.

"Uwu wachokera kuthambo, bambo. Kumeneko kuli miyala yongoyendayenda, ina yaikulu kuposa phiri. Mwezi uja uli ndi maenje okhaokha, inaumenya ndi yomweyi. Wina waukulu unagwapo padziko pano kalekale, nyama zambiri zinatheratu."

"Kumweziko kulinso akamwini eti?" anafunsa apongozi.

Palibe anaseka.

"Aphunzitsi, inu ndi obwera," anatero malume. "Kuno mlandu timauyesa. Ngati waboola ndi iyeyu, aboolenso tione."

Anandipatsa mwalawo. Taganizani: ndikaponya mofooka ati ndikunamizira, ndikaboola ndikagona kwathu lero lomwe. Thukuta limene linatuluka pamenepo likanathirira dimba tinkalimbirana lija, Mulungu ali kumwamba. Ndinatsinzina, n'kuponya ndi mphamvu zonse. Gwa! Mwala unagubuduka n'kugwa pansi. Malata anangopindika pang'ono, osabooka.

"Wanamizira," anatero malume.

Anavula jekete n'kuponya okha kuti ndione mmene amaponyera mwamuna. Osabooka. Anaponya alamu anga. Osabooka. Anaponyanso mkulu wa mpingo amene ankangodutsa ndi njinga yake. Denga linayamba kufanana ndi mwezi wa aphunzitsiwo, koma malume anaumirira kuti mlandu sunathe: mwina ndinakwera mumtengo. Anayamba kuyang'ana mtengo wa mango, kenaka ine.

Apongozi anaima pakati, manja ali m'mwamba.

"Basi, achimwene! Mundithera nyumba!"

Ndiyeno, koyamba chikwatirireni pamudzipo, apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana ineyo kumaso.

"Inu bambo a ana, mvula ili pafupi. Mawa mukwere mukamate bowolo ndi phula."

Mawa. Ndiye kuti mkeka wanga ukhala pomwe uli. Ndinafunsa mkazi wanga kuti makwerero anabwereka ndani.