Motahomu Imene Sinawoloke Nyanja

Tsiku limene amuna anga anabwera nacho chigalimotocho pamsewu wathu ku Bolton, ndinali nditangoweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, miyendo itatupa. Ndinamva hutala, kusuzumira pawindo, ndikuona chinthu choyera chachitali chitatseka makomo a nyumba ziwiri, iwo ali pachiwongolero, mano onse pamtunda.

"Mayi, tulukani mudzaone nyumba yanu yachiwiri!"

Ndinatuluka nditagwira m'chiuno. Ankaitcha motahomu. Kunja galimoto, koma m'kati muli bedi, kasitovu ka gasi, kafiriji, ndi kachimbudzi koti munthu wathupi ngati ine polowamo uyambe wapemphera. Anaigula kwa mzungu wina wachikulire wa ku Leeds amene akazi ake anali atamwalira. Ine ndinati, "Bambo inu, mutu ukuyenda bwinobwino? Zaka zonsezi mukuyendetsa basi mu Manchester, chiwongolero sichinakukwanebe?"

Anaseka, nati basi imangozungulira pomwepo ngati mbuzi ya pachingwe. Iwo ankafuna ulendo umodzi wokha wosayang'ana wotchi: kukwera chombo ku Hull, kutsikira ku Holland, kudutsa Germany, mpaka kukaona mapiri a ku Austria amene ali mwana ankawaona pakalendala m'golosale ya bambo awo ku Balaka. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankayala mapu patebulo, ine n'kumawauza kuti achotse ndiikepo mbale.

Wokana ndinali ine, sindibisa. Kwathu munthu sangonyamuka ulendo. Umapita kumaliro, ku ukwati, kapena kukazonda wodwala, ndipo woyenda popanda chifukwa timamutcha woyendayenda. Komanso masiku a holide amene amatipatsa kuntchito, ife Amalawi a kuno sitiwaseweretsa. Timawasunga, chifukwa foni ya kumudzi sichenjeza. Chaka chilichonse ndinkati, "Tidikire kaye, tione kuti chaka chino chitha bwanji." Motahomu inakhala pamsewupo zaka zinayi. Kutali kumene inafika ndi ku Blackpool, Loweruka lina, ndipo ine ndinadandaula za mphepo popita ndi pobwera pomwe.

Kenako anayamba kupunthwa pamasitepe. Kapu inkawapulumuka m'manja. Dokotala wa mitsempha anatiuza mosapsatira kuti matendawa alibe mankhwala, minofu izingofooka mpaka mapeto. Ine ndinali ndi mafunso zana, koma amuna anga anafunsa limodzi lokha: angayendetsebe? Dokotala anati kuyendetsa basi ayi, ntchito imeneyo yatha lero, koma galimoto yawoyawo angathe kwa miyezi ingapo. Anatiyang'ana tonse awiri n'kunena kuti ngati pali kumene tikufuna kupita, tisadikire.

Kumudzi sitinauze munthu. Ndi mmene timachitira. Ukakhala kunja, akakufunsa umangoti tonse tili bwino, kuti anthu asamadwale ndi nkhawa pa zinthu zoti sangachitepo kanthu. Tinagwirizana choncho awirife, ndipo ndinkaona ngati n'chikondi.

Ulendo uno sindinakane. Ndinapempha masabata atatu a mwezi wa Meyi, bwana wanga anavomera, tinagula matikiti a chombo. Ndinachapa makatani onse a m'motahomu, ndinalongedza mabulangete, mankhwala awo, ndi botolo la tsabola wa kambuzi poti ankati zakudya za ku Germany sazikhulupirira. Ankandiseka kuti ndalapa mochedwa, ine n'kumati angothokoza kuti ndalapa.

Kutatsala masiku asanu kuti tinyamuke, mayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu mayi anga, anaimba kuchokera ku Ntcheu. Malume atisiya. Malume amenewa ndi amene anandilera mayi atamwalira, anandiphunzitsa mpaka kukoleji, anagulitsa ng'ombe kuti ndifike kuno. Amuna anga anandipeza nditakhala pansi m'khitchini, foni ili pamiyendo. Sanadikire n'komwe kuti ndipemphe.

"Pitani, mayi. Galimoto siwola. Tidzapita mu Ogasiti."

Ndinkadziwa kuti maliro sindikawapeza, kwathu mtembo sudikira ndege. Ndinkadziwanso zimene dokotala ananena, ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Koma m'mutu mwanga munkangolira chinthu chimodzi: anthu adzati chiyani? Malume ali m'manda, ine ndikujambulitsa zithunzi pamapiri a azungu? Ndinakwera ndege. Ndinapeza nkhata za maluwa zitafota kale pamtumbira. Masabata atatu onse ndinakhala pamphasa kulandira odzapepesa, ndipo aliyense wofunsa za abambo akunyumba ndinkamuyankha kuti ali bwino, kungoti ntchito yawachulukira.

Nditabwerera ku Bolton ndinawapeza akuyenda ndi ndodo. Pofika Julaye phazi lamanja silinkathanso kuponda buleki, ndipo layisensi anakaibweza okha. Ndinati ndiphunzira ine kuyendetsa chigalimotocho, ndinayambadi, ndinathyola galasi lam'mbali pachipata cha paki. Koma mmene ndinkati ndazolowera, iwo anali atayamba kupuma mothandizidwa ndi makina, ndipo achipatala anati za chombo tiiwale.

Sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandidya. Bola akananditukwana! Masana kukawala kadzuwa ankapempha kuti ndiwathandize kukwera, n'kukhala pampando wa dalaivala, manja pachiwongolero, akuyang'ana mabini a zinyalala a aneba. Ine ndinkawiritsa tiyi pakasitovu kaja n'kumawamwetsa ndi kapaipi. Anamwalira mu Febuluwale chaka chotsatira.

Tinakawaika kwawo ku Balaka. Tsiku lotsatira mayi aang'ono anandiitanira kuseri kwa nyumba, kutali ndi apongozi, nandifunsa kuti matendawa anayamba liti, poti anthu anangomva mwadzidzidzi. Ndinali nditatopa ndi kubisa. Ndinawauza zonse, za dokotala, za matikiti, za masabata atatu aja.

Mayi aang'ono anandiyang'anitsitsa.

"Ndiye kuti pamene unabwera kudzalira malume ako, mwamuna wako anali atauzidwa kale?"

"Eya, mayi."

"Ife n'kumatiuza kuti ntchito yawachulukira."

Ndinawerama. Ndinkayembekezera kuti anditonthoza, anene kuti ndinachita zaumunthu, kuti mwana woleredwa bwino amatero. Koma anamanga chitenje chawo mwamphamvu.

"Mwana iwe, anakuitana ndani? Ine ndinaimba kuti udziwe basi. Ukanangonena mawu amodzi, ndikanakuletsa ndekha kukwera ndegeyo, ndipo woyankhula zopusa akanaonana ndi ine. Malume ako anali atapita kale. Nanga wamoyo uja unamusiya ndi ndani?"

Yankho ndinali nalo. Amuna anga ndinawasiya okha.